Khoma la Pamanyazi

Inu amene mumadutsa pa mlatho wa Namikozi muli m'basi, mutu uli pa phewa la munthu wosamudziwa, dovu likuchucha, simudziwa kuti mwadutsa pa chiyani. Sunthirani kuno, wina asonkhezere moto, ndikuuzeni za mlatho umenewo ndi za Gelevazio, mmisiri amene anafuna kuuwongola.

Mlathowo ndi wakalekale, wa miyala yosema, ndipo anaumanga ndi anthu a thangata nthawi ya azungu. Ndi wopapatiza moti galimoto ikalowa, inzake imadikira kutsidya. Mbali zonse ziwiri kuli khoma lofika m'chiuno. Koma pakati penipeni, mbali ya kumunsi kwa mtsinje, khomalo limakhota n'kutulukira kunja ngati mimba ya mtsuko, kusiya kamalo kokwana munthu mmodzi ataimirira. Akuti mzungu amene anajambula mlathowo anaika kamaloko kuti oyenda pansi azithawiramo galimoto. Nanga galimoto zinalipo zingati masiku amenewo? Anthu a kwa Mtsukwa anakapezera ntchito yake yeniyeni, n'kukatcha dzina loti Pamanyazi.

Paja kwathu kuno mkamwini sakumana maso ndi maso ndi apongozi ake aakazi. Akaonana panjira, mkamwini amapatukira kutchire mpaka apongozi adutse. Tsono pa mlatho tchire lili kuti? Mudzi uli tsidya lino, pamene minda, chigayo ndi manda zili tsidya lina, choncho aliyense amawoloka. Mwambo wake unali wakuti apongozi akafika kumapeto kwa mlatho amayamba atsokomola, ndipo mkamwini akakhala kuti ali pakati amalowa Pamanyazi, kuvula chipewa, n'kuyang'ana kumadzi mpaka zitatha.

Palibe munthu amene anaima Pamanyazi kuposa Gelevazio. Anabwera kwa Mtsukwa kudzamanga sukulu, anaona Felesita akutunga madzi, sukulu inatha iye osabwerera kwawo. Zaka makumi awiri ndi zinayi anakhala pa chikamwini, ndipo apongozi ake, a Nambewe, anali munthu wa mwambo woti ngakhale mbuzi zawo zinkayenda mwaulemu. Pa zaka zonsezo sanamulankhulepo mawu ndi amodzi omwe. Akakhala ndi chonena ankauza nkhuku. "Nkhuku inu, denga la khitchini likudontha. Kaya amuna anatha m'mudzi muno." Gelevazio ali kuseri kwa nkhokwe ankamva, n'kukasaka udzu.

Koma chimene chinkamuwawa kwambiri chinali cha pa mlatho. A Nambewe ankayenda ndi ndodo, ndipo ankayenda ngati kuti mlathowo akuugula ndiye akuyamba auyendera. Kho. Kenako zii. Kho. Gelevazio anaima Pamanyazi mvula ikumukhuthukira, anaimapo atasenza chitseko pamutu, ndipo tsiku lina, lomwe safuna kulikumbukira, anaimapo m'mimba mutamutsegula. Miyala ya kamaloko anaiwerenga mpaka kuiloweza: inalipo makumi atatu ndi isanu ndi iwiri, ndipo iye ankadana nayo yonse, umodziumodzi.

A Nambewe anamwalira mwezi wa Malichi. Gelevazio analira mokwanira, monga mkamwini wabwino. Mu Meyi kunafika malole a boma, ndipo kunamveka kuti mlatho aukonza.

Amene anabwera kudzayang'anira ntchitoyo anali injiniya wamkazi, Mayi Nyirongo, wochokera kumpoto, wamfupi, wovala jombo zazikulu. Anasonkhanitsa amisiri pansi pa mtengo nati, "Mvetsetsani abambo anga. Sitikumanga mlatho watsopano ayi. Tiulimbitsa m'kati ndi zitsulo kuti malole azidutsa, koma nkhope yake ikhale yomweyi. Mwala uliwonse umene tichotse tiulemba nambala ndi penti yoyera, ndipo ubwerera pamalo pake. Simenti iyi ndi ya pansi pa msewu basi. Pamiyala tiika laimu, monga anachitira eni ake."

Galimoto anazitsegulira kanjira kongoyembekezera cha kumunsi, koma oyenda pansi anawasiyira mpata pa mlatho pomwepo. Ndipo poona mmene Gelevazio ankagwirira mwala, Mayi Nyirongo anamuika kukhala kapitawo wa omanga.

Tsoka lake, mayiyo anakonda Pamanyazi. Anakajambula kutsogolo, kumbuyo, ngakhale ali m'madzi mpaka m'mawondo. "A Gelevazio, apa ndiye pamtima pa mlatho wonsewu," anatero. Gelevazio anangovomera kuti inde, mpokongola. Kamaloko kanali ndi mng'alu, choncho injiniya pochoka kupita kulikulu, komwe amakakhala masabata atatu, anamusiyira mawu akuti aphwasule, alembe manambala, abwezeretse.

Gelevazio anaphwasula. Analemba manambala bwinobwino, wani mpaka sate-seveni. Kenako anaima n'kuyang'ana mpata umene unatsala, ndipo Satana, yemwe sasowa pa malo a ntchito, anamunong'oneza kuti angokokapo chingwe aone. Anakoka chingwe kuchokera uku kufika uko. Chinawongoka bwanji! Mtima wa mmisiri unagunda. Anatenga amuna awiri ochokera kutali, osadziwa za Pamanyazi, nawauza kuti bwana wasintha maganizo pa foni. Anamanga khoma lowongoka ndi miyala yotsala, ndipo miyala ya manambala ija anaigubuduzira m'bango pansi pa mlatho. Injiniya akabwera, anaganiza, adzamuuza kuti inali yofumbwa.

Munthu anali wochenjera ameneyu, ndimupatse zake. Laimu amafuna kuuma pang'onopang'ono, ndiye khoma latsopano amalifunditsa ziguduli zonyowa. Gelevazio anamanga nsungwi kunja kwa khomalo, nazipinda mofanana ndi mimba ija, n'kuyalapo ziguduli. Aliyense wodutsa ankaona ngati Pamanyazi pali pomwepo, pangofundidwa. Madzulo amenewo anapita kunyumba akuimba mluzu ngati munthu amene wagula njinga.

Tsono mukudziwa kuti munthu akaikidwa m'manda sachokeratu nthawi yomweyo. Amabwerabe kudzazonda pakhomo mpaka tsiku la bona, mowa uja abale amafulula potsanzikana naye komaliza. Felesita ankasesa bwalo madzulo aliwonse, ndipo m'mawa ankapeza timaenje ta ndodo pa fumbi, kuchokera kunjira, kuzungulira nkhokwe, kufika pakhomo, n'kubwerera. Kafodya ka m'mphuno kamene ankasiya pa khonde kankachepa. Gelevazio ankati ndi nkhululu zimenezo, koma Felesita ankangomuyang'ana, iye n'kukumbukira kuti ali ndi ntchito kwina.

M'mawa wotsatira tsiku la khoma lija, pabwalo panalibe kaenje ndi kamodzi komwe. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Tsiku lachitatu Felesita anakhala pa khonde atagwira kachitini ka fodya kodzaza, osadya, osapesa.

"Abambo a Dorofe, amayi atikwiyira chiyani?"

"Mwina atopa. Ndi kutalitu kumanda kuja," anatero Gelevazio, maso ali pa zala zake za kumapazi.

Ku mlatho nako zinthu zinayamba pang'onopang'ono. Mlonda wa pamalopo, a Sikelo, mkulu wa ndevu zoyera amene sankaopa ngakhale fisi, anamuitanira pambali.

"A kapitawo, kodi alipo wodwala chifuwa kutsidyaku?"

"Bwanji?"

"Usiku wonse wina amatsokomola kumapeto kwa mlatho, cha kumanda. Si kutsokomola kwa matenda ayi. Nkwaulemu, kokhala ngati odi. Ndikaunika ndi tochi, palibe munthu. Ndikazimitsa, ayambanso."

"Ndi mbuzi imeneyo," anatero Gelevazio, koma tiyi amene anali kumwa anasiya kukoma.

Kutacha, atalawirira kuntchito anzake asanafike, anapeza mwala uli pakati pa mlatho, pafupi ndi ziguduli zija. Unali wonyowa, wa ndere, ndipo nambala wani inali kumuyang'ana. Mwala umenewo amuna awiri ankaunyamula akubuula. Gelevazio anaugubuduzira m'bango mwamsangamsanga, thukuta lili kamukamu. Mawa lake inalipo itatu. Mkuja wake isanu ndi iwiri, yosanjidwa mokhota ngati mwezi watsopano, ndipo wilibala yomwe anaisiya yamatope anaipeza yotsukidwa, ataiimika bwino pambali, mmene amaimikira chinthu chobwereka anthu oleredwa bwino.

Lamlungu, dalaivala wina wa lole amene anadutsa usiku pa kanjira kakumunsi anaima pa tiirumu ya pamsika. Akuviika sikono mu tiyi anafunsa kuti, "Kodi maliro ake ndi a ndani kutsidyaku? Anthu ambirimbiri ali pa mzere kumapeto kwa mlatho, phee, popanda nyali, popanda nyimbo. Patsogolo pali mayi wa ndodo. Ndawalizira hutala, palibe ndi mmodzi yemwe watembenuka." Mwini tiirumu anamuthirira tiyi wina, ndipo amene anali pa benchi anayamba kutuluka mmodzimmodzi.

Lolemba a Sikelo anabweretsa tochi, chibonga ndi wenzulo, naziika pamapazi pa Gelevazio.

"Zanu izi."

"A Sikelo, mwezi sunathe."

"Uthe wokha. Ine ndinalembedwa kulondera simenti, osati kuyankha moni wa anthu amene ndinawakumbira manda ndi manja angawa. Dzulo wina wandifunsa ngati ndinabweza khasu lake. Ndinabweza, a kapitawo, Mulungu ndi mboni, koma za kukangana ndi munthu woteroyo usiku ine ayi."

Mlandu suola. Lachitatu Felesita anasenza chimera cha mowa wa bona kupita nacho kuchigayo. Atafika pakati pa mlatho, kamphepo kanabwera, kamphepo kokhala ngati kotumidwa, n'kukweza chiguduli chimodzi. Felesita anaima. Anatula dengu. Anasuzumira. Kuseri kwa ziguduli kunali nsungwi ndi mphepo basi, ndipo khoma linali lowongoka ngati mzere wa m'kope.

Gelevazio pofika kunyumba madzulo anapeza katundu wake ali pa khonde, atamangidwa bwino mu chitenje: malaya atatu, jekete la ku tchalitchi, wailesi, ndi levulo yake yoyezera khoma itatulukira pamwamba. Felesita anali atakhala pambali pake, miyendo atatambasula.

"Amake Dorofe, kodi tikusamuka?"

"Mukusamuka ndinu."

"Ine ndalakwa chiyani?"

"Pamanyazi pali kuti?"

Gelevazio anatsegula pakamwa. Anafotokoza za mng'alu, za kulemera kwa malole, za mmene khoma lowongoka limagawira mphamvu. Felesita anamusiya mpaka mawu anamuthera okha.

"Inu amayi mumawadziwa," anatero mkaziyo. "Moyo wawo wonse sanapondepo pamalo poti angakumane nanu inu n'kusowa kolowera. Lero awoloke mlatho wopanda pobisala mkamwini? Angalolere kuima kutsidya mpaka Yesu adzabwere. Mwawatsekera kunja amayi anga, m'nyengo yozizira ino, ngati galu."

"Munthu wakufa sazizidwa, amake Dorofe."

"Munafapo inu?"

Gelevazio anayang'ana katundu wake uja.

"Bona ndi Loweruka. Amayi akapanda kufika pakhomo pano kudzatsanzikana nafe, ine ndilibe mwamuna. Katundu ndakumangirani kale kuti musadzavutike. Paja amati mkamwini asamakule mwendo."

Felesita sanakuwe, sanalire, ndipo n'zimene zinamuopsa Gelevazio. Kwawo anachokako ali mnyamata, makolo ake anatha, pamene panali nyumba yawo pano ndi munda wa fodya wa munthu wina. Koma si kusowa kolowera kokha kumene kunamuvutitsa. Iye ankamukonda Felesita. Ankakonda mmene ankamukalipira akaiwala kusamba m'manja, ndi mmene ankamusungira nkhoko za phala ngati mwana. Zodzuka m'mawa popanda mawu amenewo sakanazipirira.

Munthu wanzeru akanatenga nyundo nthawi yomweyo. Gelevazio anatenga chibonga. Mumtima mwake ankanenabe kuti wakufa sanyamula mwala, kuti awa ndi alamu ake akumuseweretsa, ndipo akawagwira mmodzi n'kumubweretsa pakhomo atamukoka khutu, nkhani ithera pomwepo. Anavala jekete, natenga tochi ya a Sikelo, n'kukakhala pa thumba la laimu pakati pa mlatho.

Kunali kuzizira kwa mu Juni, kolowa m'mafupa. Mwezi kunalibe. Pansi pa mlatho madzi ochepa ankadutsa pakati pa matanthwe, ndipo achule anali pa msonkhano wawo. Gelevazio anakhala, nakhala, mpaka anayamba kuwodzera.

Chimene chinamudzutsa si phokoso ayi, koma kusowa kwake. Achule anali atasiya onse nthawi imodzi, ngati wina wawauza kuti akulu afika. Anayatsa tochi. Inawala mofiira, kenako inazima, ngakhale mabatire anali a dzulo lomwelo. Mphepo inabweretsa kafungo ka fodya wa m'mphuno.

Kumapeto kwa mlatho, cha kumanda, mdima unali wokhuthala kuposa kwina. Sanaone nkhope. Anangoona kuti mdimawo uli ndi mapewa, ambirimbiri, ena aatali ena aafupi, kubwerera m'mbuyo mpaka kumitengo. Ndipo patsogolo pake panali kamdima kakafupi, kowerama pang'ono.

Kenako kunamveka kutsokomola.

Gelevazio akanakuzindikira kutsokomola kumeneko ngakhale pakati pa msika wa ku Lilongwe. Dzanja lake linakwera lokha n'kuvula chipewa iye asanaliuze. Miyendo nayo inatembenuka yokha kulunjika Pamanyazi, monga inazolowerera zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo mawondo ake anagunda khoma lowongoka, ntchito ya manja ake. Chibonga chinagwa n'kugubuduka.

Kutsokomola kunamvekanso. Palibe amene anasuntha kutsidyako. Iye anaganiza zothawira kumudzi, koma anadziwa kuti sizithandiza: masiku onsewa iye sanali pa mlatho, koma iwo sanawoloke. Sakanaponda pamenepo pokhapokha atadziwa kuti mkamwini ali pamalo pake.

Kachitatu kutsokomolako kunatuluka motopa, kopanda mphamvu, ndipo kunathera m'kakubuula kakang'ono. Kunali kutsokomola kwa mayi wokalamba amene waima panja mausiku khumi ndi umodzi, akuona denga la mwana wake kutsidya, osapempha, osadandaula, chifukwa chofuna kusunga ulemu wa munthu amene anamutsekera njira. Mantha a Gelevazio sanathe ayi, koma pamwamba pake panabwera manyazi, manyazi enieni, osati a mwambo aja. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Analuma chipewa ndi mano, nakwera pa khoma, natsikira kunja. Anaponda pa nsungwi zija, manja atagwira m'mphepete mwa khoma kumbuyo kwake, nkhope kumadzi, pamalo penipeni pamene panali Pamanyazi. Pansi pake panali mpata wotalika ngati nyumba zitatu zosanjikizana, ndipo pansi pa mpatawo panali matanthwe. Nsungwi zinalira.

Kho.

Zii.

Kho.

Ambuye, ngakhale imfa sinawafulumizitse. Gelevazio anapemphera mapemphero onse amene ankawadziwa, n'kuyambiranso, n'kuwonjezera la pa chakudya. Ndodo inkayandikira pang'onopang'ono, ndipo pambuyo pake pankamveka kukhwekhwereza kwa mapazi ambiri opanda nsapato. Anthu onsewo, anazindikira tsopano, anali atadikira masiku onsewa chifukwa palibe amene akanalimba mtima kuwadutsa a Nambewe pa mzere, ali moyo kapena ayi.

Ndodo itafika kumbuyo kwake kwenikweni, nsungwi ya kumanzere inati thyo. Ya kumanja inatsatira. Gelevazio anapotoloka, nalendewera ndi dzanja limodzi, miyendo ikupalasa mphepo, ziguduli zikugwera m'madzi. Zala zinayamba kutereka pa mwala, chimodzi, chachiwiri. Akanakuwa, koma m'kamwa munali chipewa, ndiponso mkamwini akuwira ndani, apongozi?

Pamenepo china chake chinamugwira pa mkono. Chinali chozizira ngati mwala wa pamtsinje, cholimba ngati pulayala. Ndipo ngakhale anali pakati pa moyo ndi imfa, Gelevazio anamva bwinobwino kuti dzanjalo linali litakulungidwa m'nsonga ya chitenje, kuti khungu lisakhudze khungu.

Mawu anamveka pamwamba pake, otsika, osathamanga, ndipo sanali kulankhula ndi iye.

"Khoma iwe. Kuwongoka wawongoka ndithu, koma ulibe mwambo."

Kenako mawuwo anapitiriza.

"Umuuze amene anakumangayo agwiritse. Mwana wanga sanafike poti n'kukhala mkazi wamasiye."

Dzanjalo silinamukweze msanga ayi. Linamugwira choncho, akulendewera, maso atatsinzina, mpaka mzere wonse unadutsa. Ena ankati podutsa, "Zikomo a kapitawo." Ena, "Ntchito ikuyenda, a kapitawo?" Mawu ena anawazindikira, ndipo analakalaka akanapanda kuwazindikira. Womalizira atadutsa, anamva akukokedwa n'kuponyedwa pa mlatho ngati thumba la chimanga. Anagona chafufumimba, osayerekeza kudzutsa mutu, mpaka ndodo inazimirira cha kumudzi ndipo chule mmodzi wolimba mtima anayambanso.

Anafika kunyumba kukuyera. Felesita anali atagwada pabwalo, dzanja lili pakamwa, misozi ikutsika. Pa fumbi panali timaenje, kuchokera kunjira, kuzungulira nkhokwe, kufika pakhomo. Mkaziyo anamuyang'ana mwamuna wake, jekete long'ambika, mkono uli ndi mkwingwirima wa zala zinayi. Ananyamula katundu uja pa khonde n'kulowa naye m'nyumba.

Gelevazio anapumira m'mwamba, natsatira. Pakhomo anakumana ndi chikhatho cha Felesita pa chifuwa.

"Mukupita kuti?"

"Kukagona pang'ono, amake Dorofe. Thupi lonseli si langa."

"Taonani pansipo."

Anayang'ana. Timaenje tinalowa m'nyumba. Totuluka panalibe.

"Amayi ali m'katimu," anatero Felesita monong'ona, akupukuta misozi. "Inu mulowa bwanji? Ndipo musaganize kuti abwerera pa mlatho uli chonchija. Dzulo achita kukumverani chisoni. Mukafuna akhale nafe mpaka kalekale, ine sindikana, ndi amayi anga. Koma inu muzigona ku khola."

Anthu a kwa Mtsukwa amanenabe mpaka lero kuti sanaonepo munthu akuphwasula khoma lake mwachangu chotero. Miyala sanavutike kuitulutsa m'bango, poti anaipeza yonse makumi atatu ndi isanu ndi iwiri ili pa mlatho, yotsukidwa. Anamanga Lachinayi, anamanga Lachisanu, akugona m'kashedi ka zipangizo, chakudya Felesita akumutumizira ngati wandende. Loweruka ng'oma za bona zikulira kumudzi, anzake akumwa, iye anali akuika mwala wa sate-seveni. Mwala uliwonse anaubwezera mmene unalili, ngakhale umene unali wopendekeka pang'ono anaupendeketsa chimodzimodzi, mtima wa mmisiri ukulira.

Mayi Nyirongo anafika masana omwewo. Anazungulira, anayeza, anayerekeza ndi zithunzi zake, nagwedeza mutu.

"A Gelevazio, ndayenda malo ambiri, koma sindinaone mmisiri wolemekeza ntchito ya akale ngati inu. Masabata atatu pa kamalo kamodzi! Kudekha kumeneku munakuphunzira kuti?"

"Pompano, bwana," anatero Gelevazio, ndipo sananame.

Mowa unatha, alendo anabalalika, mudzi unagona. Palibe amene anamutuma, koma Gelevazio anasamba, navala malaya oyera amene Felesita anamutulutsira pa windo, napita ku mlatho. Analowa Pamanyazi, navula chipewa, nayang'ana kumadzi.

Achule anasiya. Kutsokomola kunamveka, ulendo uno kuchokera kumudzi. Ndodo inabwera, inafika kumbuyo kwake, ndipo inaima kanthawi. Iye anadikira kuti mwina khoma liuzidwa kanthu. Silinauzidwe. Ndodo inapitirira, kho, kho, kunka icheperachepera cha kumanda, mpaka sanathenso kusiyanitsa kulira kwake ndi kugunda kwa mtima wake. Pamenepo ndi pamene zinamufika kuti kwatha, kuti palibenso munthu pa dziko lino amene adzamuimitse pamalo amenewo. Anadikira tsiku limeneli zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo litafika anaika chipumi pa mwala wa pamwamba n'kulira ngati mwana wotayika pamsika.

Felesita anamupeza pomwepo dzuwa likutuluka, atanyamula tiyi m'kabotolo.

"Abambo a Dorofe, mukutani pano?"

Gelevazio anavala chipewa msangamsanga n'kuchikokera kumaso.

"Ndimaona ngati laimu wauma."

Felesita anayendetsa dzanja pa khoma, mwala ndi mwala. Ponse panali gwa. Atafika pa mwala wa pamwamba anaima, nayang'ana chikhatho chake, nayang'ana mwamuna wake.

"Tiyeni kunyumba," anatero, akumugwira mkono wa mkwingwirima uja. "Mukaima pano khomali siliuma."